Wotchi ija ndinaigula chifukwa cha bambo wa pa chithunzi

Ndikudziwa kuti sindili ndekha, alipo ena amene mwezi ukangofika pakati amayang'ana mu akaunti nkumadzifunsa kuti kodi ndalama zija zalowera kuti, chonsecho sanaberedwe, sanadwale, palibe vuto lalikulu limene lagwa pakhomo. Ine zinandichitikira pafupifupi chaka chathunthu, ndipo zinayamba ndi wotchi imodzi basi.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene ntchito yatsopano. Ntchito yabwino ndithu, sindingadandaule, koma anthu amene ndinawapeza kumeneko anali oti akamayankhula pa miting'i sachita chibwibwi, mfundo zimangotuluka mondondoza, pamene ine ndikati nditsegule pakamwa mawu amathawa, m'manja thukuta lokhalokha, nkumangogwedeza mutu kuvomereza za anzanga. Ndinkadziona wochepa kwambiri. Ndikafika kunyumba madzulo ndinkangodziponya pa mpando, foni m'manja, chala kumangoyenda pa sikirini osadziwa nkomwe chimene ndikufuna, nde tsiku lina chithunzi chija chinatulukira.

Mpaka lero ndimachikumbukira bwinobwino. Bambo wa msinkhu ngati wanga waima pa zenera lalikulu, shati yoyera manja wapinda kufika pa chigongono, dzuwa la m'mawa likumuwomba mbali imodzi ya nkhope. Sakuyang'ana kamera ayi, akuyang'ana kutali, phee, ngati munthu amene zonse za tsiku limenelo anazikonza kale dzulo ndipo palibe angamudzidzimutse. Wotchiyo inali pa mkono, kakang'ono pa chithunzi chonsecho. Mawu anali ochepa, sanalembe kuti ndi ya chitsulo chanji, kapena ikhalitsa zaka zingati, kapena ikawonongeka ukakonzetsa kuti. Koma mumtima mwanga china chake chinasuntha, ndinangomva kuti munthu amene ndikufuna kukhala ndi ameneyu.

Sindinagule tsiku lomwelo. Ndinadina, ndinaona mtengo wake, ndinatulukamo msanga chifukwa unali pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi. Mawa lake wotchi ija inabweranso, mkuja inabweranso, ndikatsegula tsamba la nkhani ili pambali, ndikamaonera vidiyo ili pansi, moti ndinafika poganiza kuti mwina ndi chizindikiro choti ndi yangadi. Pano ndikudziwa kuti palibe chizindikiro chilichonse, ukangodina chinthu kamodzi tsamba lija limasiya kachidindo mu foni mwako, ndipo wogulitsa amalipira kuti chinthucho chizikulondola kulikonse ukupita pa intaneti, popeza akudziwa kuti munthu amene wasuzumira kale ndi wosavuta kumumalizitsa kusiyana ndi mlendo. Masamba ambiri amene timachezapo mwaulere ndalama zawo zimachokera pamenepa. Ndipo kubwereza kumeneku kumagwira ntchito, katswiri wina wa za maganizo a anthu, Robert Zajonc, anaonetsa mu 1968 kuti anthu ukamawaonetsa chinthu mobwerezabwereza, olo akhale mawu opanda tanthauzo kapena nkhope ya munthu amene samudziwa, amayamba kuchikonda chifukwa chongochizolowera. Ine pakutha pa masabata awiri wotchi ija ndinali nditaizolowera moti mkono wanga unkaoneka ngati ukusowa chinachake.

Chimene chinandimaliza ndi timawu tofiira pansi pa chithunzi toti zatsala zitatu zokha, ndi kawotchi kena kowerenga chobwerera kuti mtengo wotsika utha pakati pa usiku. Mtima unayamba kuthamanga. Taonani, chinthu chimene sichinakhalepo changa, koma ndinkamva ngati wina akufuna kundilanda. Akatswiri ena a za maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 kuti munthu amamva kuwawa kwambiri akataya chinthu kuposa mmene amakondwera akapeza chinthu chofanana nacho, ndipo otsatsa malonda nkhani imeneyi amaidziwa kuposa ife ogula. Nambala ya khadi la ku banki inali kale mu foni. Kudina kawiri, basi zatheka. Sindinamve kupweteka kulikonse chifukwa palibe ndalama imene ndinaigwira m'manja nkuiwerenga nkuipereka kwa munthu. Izinso anazifufuza ena, Drazen Prelec ndi Duncan Simester a ku yunivesite ya MIT ku America anatulutsa zotsatira mu 2001 zoti ophunzira amene anauzidwa kuti alipira ndi khadi la ngongole anali okonzeka kupereka pafupifupi kawiri pa matikiti a masewero a basketball kuyerekeza ndi anzawo amene anauzidwa kuti alipira ndalama zogwirika.

Wotchi itafika ndinasangalala, sindinama. Masiku atatu kapena anayi ndinkangopinda manja a shati. Kenako tsiku lina m'mawa ndili pa galasi ndinaona kuti kolala ya shati yanga yatha, yayamba kuyoyoka m'mbali, ndipo pafupi ndi wotchi yonyezimira ija inkaoneka yomvetsa chisoni. Shati imeneyi ndinali nditaivala zaka ziwiri popanda vuto. Ndinagula mashati atatu. Mashati atabwera lamba anayamba kuoneka wakale, lamba atabwera nsapato, nsapato zitabwera chikwama chonyamulira laputopu, kenako mafuta onunkhira, omwe chithunzi chake chinali cha bambo akutuluka m'nyanja tsitsi lili lonyowa, fungo silingajambulidwe paja ndiye amakujambulira moyo umene ukuganiza kuti umabwera ndi fungolo. Panalinso nsapato zothamangira zimene ndinagula nditaona chithunzi cha munthu akuthamanga yekha mumsewu kusanache, nkhope yolimba mtima. Ndinathamanga nazo kawiri.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti zimenezi zinamuchitikiranso Denis Diderot, wanzeru wa ku France, m'zaka za m'ma 1760. Anapatsidwa mkanjo watsopano wofiira wovala m'nyumba, ndipo atauvala zinthu zonse za m'chipinda chake zinayamba kuoneka zosayenerana nawo, anachotsa mpando wake wakale nkugula wachikopa, anasintha tebulo, anasintha zithunzi za pakhoma, nkudzalemba yekha kudandaula kuti mkanjo wakale uja ankaulamulira koma watsopanowu wamusandutsa kapolo. Nditawerenga ndinakhala chete kanthawi. Zaka zoposa 250 zapitazo, kunalibe foni kunalibe intaneti, koma mtima wa munthu ndi womwewu.

Chomvetsa chisoni nchakuti ku miting'i kuja palibe chinasintha. Ndinkalowa ndi wotchi, shati yatsopano, kununkhira bwino, nthawi yoyankhula ikafika mawu nkuthawabe ngati kale. Ndipo m'malo moti ndizindikire kuti mankhwalawa si a matenda amenewa, ndinkaganiza kuti mwina chikusowa ndi chinthu chimodzi chokha chotsatira.

Amene anandigwira dzanja ndi mayi akunyumba. Panali ndalama imene tinagwirizana kuti tizisunga mwezi ndi mwezi ya sukulu ya mwana, ndipo miyezi itatu yotsatizana ndinalephera kuika gawo langa, nkumapereka zifukwa zosamveka, komanso ndinali nditatenga kangongole kamene sindinawauze. Usiku wina mwana atagona anabwera nkukhala pafupi nane. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa chifukwa kufatsa kwawo kunandilasa kwambiri. Anati, "Bambo a mwana, ine sindikufuna mkangano, ndingofuna mundionetse chimene chinakukopani pa wotchi imeneyi, mwina nane ndichiona." Ndinatsegula foni nkufufuza chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga chikhatho chawo nkuphimba nkhope ya bambo uja, dzanja linalo nkuphimba zenera ndi dzuwa lija, panangotsala kawotchi kokha pakati pa zala zawo. "Nanga pano mukuifunabe?"

Ndinayang'ana. Inali wotchi basi, yozungulira, mivi iwiri, lamba wakuda, yofanana ndi mawotchi ambirimbiri amene ndinawadutsapo osatembenuka nkomwe. Ndinati, "Mayi, zoona zake ku ntchito kuja ndimachita mantha." Aka kanali koyamba kutulutsa mawu amenewa pakamwa panga, ndipo misozi inalengeza. Iwo anangoti, "Nde bwanji osanena kale, mantha tikanathandizana, ngongoleyi ndi imene itivute tonse."

Kuyambira usiku umenewo ndinayamba kuyang'ana zithunzi zotsatsa malonda ndi diso lina. Choyamba chimene ndinaona pa wotchi yomwe ija nchakuti mivi inali pa 10:10. Ndinafufuza mawotchi ena, pafupifupi onse 10:10. Amatero dala kuti dzina la kampani lioneke bwino pakati pa mivi, komanso nkhope ya wotchi imaoneka ngati ikumwetulira. Kanthu kakang'ono ngati kameneko pali munthu amene anakhala pansi nkukaganizira, nde tangoganizani za shati yopinda manja ija, za dzuwa lija, za kuyang'ana kutali kuja, palibe chimene chinangochitika mwangozi. Bambo ujanso ndi munthu wolembedwa ganyu, anavekedwa wotchi kwa maola ochepa, anauzidwa poima ndi koyang'ana, pomaliza anaivula nkubweza, mwina naye ali ndi nkhawa zake za lendi. Ndipo chithunzicho chisanafike kwa ine chinadutsa pa kompyuta kusalaza khungu ndi kukonza kuwala. Nkhani yokonza zithunziyi ndi yaikulu moti ku France kuyambira mu 2017 lamulo limafuna kuti chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lasinthidwa pa kompyuta chilembedwe kuti chakonzedwa, ndipo Norway inayamba lamulo lofanana nalo mu 2022. Tikamadziyerekeza ndi anthu a m'zithunzi zimenezi timakhala tikupikisana ndi munthu amene kulibe.

Nkhani imene inanditsegula maso kwambiri ndi ya fodya, chifukwa pamenepo mpamene umaonera poyera kuti chogulitsidwa ndi chithunzi. Ku America kale mkazi kusuta pagulu chinali chinthu chochititsa manyazi. Mu 1929 Edward Bernays, mwana wa mlongo wake wa katswiri wotchuka wa za maganizo a anthu Sigmund Freud, pogwirira ntchito kampani ya fodya, anakonza zoti atsikana angapo ayatse ndudu akuyenda pa perete wa Isitala mumzinda wa New York, nkuuza atolankhani kuti nduduzo ndi miyuni ya ufulu. Sananene kuti fodyayu ndi wokoma kapena wotchipa, anangomumangirira ku chinthu chimene akazi ankachilakalakadi, ufulu wofanana ndi amuna. Ndudu za Marlboro nazo poyamba zinkatsatsidwa ngati za akazi, ndipo amuna ankaona ndudu za fyuluta ngati zachikazi, mpaka mu 1954 kampani yotsatsa ya Leo Burnett inayamba kuzijambula ndi amuna olimba, makamaka woweta ng'ombe wokwera hatchi ali yekha m'chipululu, ndipo patapita zaka zinakhala ndudu zogulidwa kwambiri padziko lonse. Munthu wokhala mu ofesi tsiku lonse, wolamulidwa ndi bwana, ankagula kamphepo ka ufulu wa bambo wa pa hatchi uja, koma chimene chinkalowa m'mapapo mwake ndi utsi. Zimandiwawa ndikaziganizira chifukwa njira yake ndi yomwe ija inandigwira ine, kusiyana kwake nkwakuti ine ndinataya ndalama pamene ena anataya moyo. Ngakhale mphete ya dayamondi imene ambiri amaiona ngati umboni wa chikondi inakwezedwa kwambiri ndi mawu oti dayamondi ndi wamuyaya, amene Frances Gerety analembera kampani ya dayamondi ya De Beers mu 1947.

Ndinagula kakope kakang'ono nkuyamba kulemba, chilichonse chimene ndagula m'chaka chija chimene sichinali chofunikira pakhomo, ndi mmene ndinkamvera tsiku limene ndinachigula. Zinatenga masiku angapo chifukwa ndinkachita kubwerera m'mauthenga a ku banki kuona madeti. Chimene chinatuluka chinandidabwitsa. Pafupifupi zonse ndinazigula usiku, itadutsa 10 koloko, ndipo zambiri linali tsiku limene kunali miting'i yoti sindinayankhule bwino kapena bwana wandidzudzula. Zina zinali zodzipepesa, kuti ndavutika tsiku lonse ndiyenera kanthu. Zina zinali zofuna kuti anzanga aone kuti nane ndafikapo, zimene katswiri wa zachuma Thorstein Veblen anazilemba kale mu 1899, kuti anthu amagula zinthu zodula nkumazionetsa kuti ena adziwe kuti ali nazo. Koma zambiri, ndikunena zambiri, zinali zofuna kusanduka munthu wina mwachidule. Nsapato zothamangira zija ndinkagula munthu wodzuka m'mamawa, wodzilamulira. Chikwama chija ndinkagula munthu wadongosolo. Kugula kumatenga mphindi imodzi pamene kusintha khalidwe kumatenga miyezi, nde mtima umathamangira chachifupicho, ndipo kwa masiku awiri atatu umamvadi ngati wasintha.

China chimene ndinaona nchakuti chisangalalo chachikulu chinkakhala katundu asanafike, nthawi yodikira ija, kumangoyang'ana pa foni kuti wafika pati. Akangofika nkutsegula bokosi, moto uja unkayamba kuzilala tsiku lomwelo.

Apa ndinene mosabisa, sindikuti kutsatsa malonda konse ndi koipa kapena kuti kugula chinthu chokongola ndi tchimo ayi. Wogulitsa ayenera kudziwitsa anthu kuti ali ndi katundu, ndipo pali zinthu zothandiza zimene ndinazidziwira pa zotsatsa zomwezi. Kuvala bwino kumathandizadi, munthu ukatchena umayenda mosiyana. Vuto langa linali loti ndinkapita ndi bala la mumtima kwa munthu wogulitsa mawotchi. Ndipo musadzinamize kuti inu zotsatsa sizikukhudzani, inenso ndinkatero, ndinkadziona wochenjera woti sangandipusitse, chonsecho chithunzi sichidutsira ku nzeru, chimalowera kumene kukupweteka.

Zimene ndinachita pambuyo pake si zapamwamba. Ndinachotsa nambala ya khadi mu foni kuti ndikafuna kugula ndizichita kudzuka kukatenga chikwama nkulemba manambala onse aja, ndipo mungadabwe kuti kaulesi kodzuka pa mpando kapulumutsa ndalama zingati. Ndinalowa m'ma setting a foni ndi a masamba ochezera nkuzimitsa zoti azindionetsa malonda potengera zimene ndafufuza, sizinathe zonse koma kulondoledwa kuja kunachepa. Mameseji a pulomoshoni ndinadzichotsamo. Ikakwana 9 koloko usiku foni imakagona pa tebulo kutali ndi bedi, chifukwa ndinadziwa kuti ine wotopa ndi ine wa m'mawa ndi anthu awiri osiyana pa nkhani ya ndalama. Ndipo chinthu chikandikopa ndimachilemba mu kope muja ndi deti lake nkudikira masiku 7. Akati selo ikutha usiku uno ndimaisiya ithe, ndaona kambirimbiri chinthu chomwecho chikubweranso pa selo ina patangopita masabata ochepa, ngakhale ija yoti zatsala zitatu zokha. Mtengo ndimauwerengera m'masiku a ntchito, kuti chinthu ichi ndi masiku angati odzuka m'mawa nkukapirira ku ofesi, ndipo mitengo yothera ndi 99 ija ndimaikweza kaye kufika pa nambala yathunthu, paja diso limagwira nambala yoyamba yokha nkuuza mtima kuti nzotchipa.

Koma chachikulu ndi chija anandiphunzitsa mayi akunyumba, kuphimba ndi chikhatho. Ndimachitadi zenizeni, osati m'maganizo chabe. Ndimaphimba munthu, ndimaphimba nyanja, galimoto, nyumba yokongola, anzake akuseka kumbuyo, nkusiya katundu yekhayo, kenako ndimadzifunsa kuti chimene ndaphimbachi ndi chiyani, chifukwa nthawi zambiri chimenecho nchimene ndikusowa. Ngati ndaphimba gulu la anthu akuseka ndiye kuti ndasungulumwa, bola ndiimbire mnzanga foni. Ngati ndaphimba munthu wagona pa mchenga ndiye kuti ndatopa, ndikufunika kupuma.

Za mantha a ku miting'i zija, ndinalimba mtima nkupita kwa bambo wina wamkulu wa pa ntchito pathu amene amayankhula bwino kwambiri. Ndinati, "Akuluakulu, ndithandizeni, ine ndikaima pamaso pa anthu mutu umaima." Anaseka pang'ono mokoma mtima nkundiuza kuti nawonso zaka zoyamba ankanjenjemera, ndipo mpaka pano amalemba mfundo zitatu pa kapepala asanalowe, nkuziyeserera mokweza ali okha. Anandiuza kuti ndiziyamba ndi kufunsa funso limodzi pa miting'i iliyonse, basi. Ndinayang'ana pa mkono pawo tikucheza, sanavale wotchi iliyonse.

Ngongole ija inanditengera miyezi 8 kuti ndimalize, ndipo ndalama ya sukulu ya mwana tinabwezeretsa pang'onopang'ono. Chikwama ndi mafuta aja ndinagwiritsa ntchito mpaka kutha, nsapato zothamangira ndinapatsa mng'ono wanga amene amathamangadi. Wotchi ndikadali nayo, ndimaivala, imasunga nthawi bwino.

Mwezi watha chinabweranso china, jekete, bambo waima pa siteshoni ya sitima kukugwa mvula yowaza, kolala wakweza, chikwama chaching'ono m'manja ngati akupita kutali kumene palibe amene akumudziwa. Mtima unagunda ngati kale lija, sindibisa. Ndinaphimba ndi chikhatho, ndinatenga kope nkulemba deti, ndipo pa mzere wa mmene ndikumvera ndinalemba kuti ndatopa, papita chaka ndi theka osatenga tchuthi. M'mawa mwake ndinakalemba fomu yopempha masiku asanu opuma, ndipo mayi akunyumba anati nawonso apempha kwawo kuti tipumire limodzi.